Mabatire awiri ofanana, bwanji limodzi likutopa msanga?

Mu Januwale 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko la Malawi linataya pafupifupi 130 MW tsiku limodzi. Kuzimazima kwa magetsi komwe kunatsatira kunapangitsa mabanja, mashopu ndi masukulu ambiri kuganiza za sola, inveta ndi batire. Ndipo masiku ano amene angakwanitse akusiya mabatire akale a lead-acid n'kumagula a lithium, chifukwa ndi opepuka komanso amakhalitsa.

Batire limodzi likayamba kuchepa, nzeru yomwe aliyense amathamangira ndi yogula lachiwiri n'kulilumikiza pambali pa loyambalo: positive ku positive, negative ku negative. Mu Physics kalumikizidwe kameneka timati parallel. M'mutu timawerengera mwachangu kuti ngati inveta ikukoka 100A, ndiye kuti batire lililonse lizipereka 50A. Mutu umodzi susenza denga, eti?

Koma mukatenga mita n'kuyeza, nthawi zambiri si zomwe mumapeza. Limodzi likhoza kukhala likupereka 60A pomwe linzake likupereka 40A yokha, chonsecho onse ndi a kampani imodzi ndipo anagulidwa tsiku limodzi. Limodzi limatentha, linzake lili zii. Pakapita nthawi limodzilo limatha mphamvu msanga, ndipo mwini wake amayamba kudandaula kuti anamugulitsa feki. Batire la lithium si chinthu chotchipa, ndipo likalumikizidwa molakwika likhoza kuyambitsa moto. Nkhani yabwino ndi yakuti chomwe chimachitikacho mungachimvetse ndi lamulo la Ohm lomwe mumaphunzira m'kalasi lija.

Tikumbutsane kaye: series ndi parallel

Mukalumikiza mabatire mondondozana, positive ya ili ku negative ya linzake, imeneyo ndi series. Voltage imaphatikizana, koma current yomwe ikudutsa m'mabatire onse ndi imodzimodzi chifukwa njira ndi imodzi basi. Batire la lithium la 12.8V lomwe limagwiritsidwa ntchito pa sola lili ndi maselo anayi a 3.2V olumikizidwa mu series mkati mwake.

Pa parallel zinthu zimatembenuka. Voltage siikwera, imakhala 12.8V yomweyo. Chomwe chimaphatikizana ndi kuchuluka kwa magetsi osungidwa, komwe timayeza mu Ah. Mabatire awiri a 100Ah amakhala ngati limodzi la 200Ah. Koma apa current ili ndi njira ziwiri, ndiye iyenera kugawikana.

Gustav Kirchhoff wa ku Germany anafotokoza mu 1845 kuti current yonse yolowa pa mphambano imafanana ndi yonse yotuluka. Choncho ngati inveta ikukoka 100A, current ya batire loyamba kuphatikiza ya lachiwiri iyenera kukwana 100A. Taonani bwino apa: lamuloli likunena za chiwerengero chonse, silikunena kuti zigawozo zikhala zofanana. 50 ndi 50 zikukwana 100, komanso 60 ndi 40 zikukwana 100, ngakhale 90 ndi 10. Nanga chimasankha kagawidwe kake n'chiyani? Yankho ndi resistance.

Batire nalo lili ndi resistance

Pojambula ma circuit m'kope timachita ngati waya alibe resistance ndipo batire ndi langwiro. Pa tochi kapena kababu ka mu labu zimenezi sizisokoneza kanthu. Koma kunena zoona, chilichonse chomwe current ikudutsamo chimaikaniza pang'ono. Mkati mwa batire, ma ion a lithium amayenera kusambira m'madzi a mankhwala otchedwa electrolyte kuchoka mbali ina kupita ina, ndipo ulendowo si waulere. Kukaniza kumeneku timakutcha internal resistance.

Mu batire lalikulu la lithium, internal resistance ndi yochepa zedi, moti timaiyeza mu milliohm. Milliohm imodzi ndi 0.001 ohm. Ndiye apa ndi pamene pagona nkhani: waya wa mkuwa naye ali ndi resistance ya ma milliohm omwewo. Mita imodzi ya waya wa mkuwa wa 1 mm² ili ndi pafupifupi 0.017 ohm. Waya wonenepa wa 10 mm² ali ndi 0.0017 ohm pa mita, kapena kuti 1.7 milliohm. Pamwamba pa apo, malo aliwonse omwe waya wamangidwa ndi nati amawonjezera kenakake, makamaka nati ikakhala yosamanga bwino kapena pakakhala dzimbiri.

Pa babu la 240 ohm, ma milliohm awiri kapena atatu si kanthu. Koma pa batire lomwe resistance yake yonse ndi ma milliohm 10, kuwonjezera ma milliohm asanu ndi kukweza resistance ndi theka lathunthu. Waya amene mumamuona ngati wongolumikizira uja wasanduka mbali yofunika ya circuit.

Tiyeni tiwerengere limodzi

Manambala otsatirawa ndi achitsanzo, koma sali kutali ndi zomwe zimapezeka. Tili ndi mabatire awiri, A ndi B, onse a 12.8V 100Ah, onse odzaza mofanana, lililonse lili ndi internal resistance ya 0.010 ohm. Amene walumikiza wachita zomwe ambiri amachita: mawaya onse awiri a inveta wawamanga pa batire A, kenako watenga mawaya ena awiri, wofiira ndi wakuda, aliyense wa mita imodzi, n'kulumikiza B ku A.

Current ya A ikutuluka n'kulowa mu waya wa inveta pompo. Njira yake ili ndi 0.010 ohm. Current ya B iyenera kudutsa kaye mu waya wofiira, ndipo pobwerera idutse mu wakuda. Mawaya awiriwo, ngati ndi a 10 mm², ali ndi 0.0034 ohm, ndipo tikawonjezera malo omanga ndi manati tinene kuti zonse zikukwana 0.005 ohm. Njira ya B ndiye ili ndi 0.015 ohm.

Mabatire onse akukumana pa malo amodzi, pa mitu ya batire A, choncho voltage yomwe ikutayika panjira iyenera kukhala yofanana mbali zonse. Lamulo la Georg Ohm la mu 1827 likuti V = I × R. Ndiye:

current ya A × 0.010 = current ya B × 0.015

Izi zikutanthauza kuti pa 3A iliyonse yochokera ku A, ku B kukuchokera 2A. Tikagawa 100A m'zigawo zisanu, A akutenga zitatu, B ziwiri. A akupereka 60A, B akupereka 40A. Tsimikizani nokha: 60 × 0.010 = 0.6V, ndipo 40 × 0.015 = 0.6V. Zagwirizana.

Mwina mukuti, "Aa, 60 ndi 40 si kusiyana kwenikweni." Dikirani muone kutentha. James Joule anasonyeza kuti kutentha kopangidwa ndi current ndi I² × R. Mu batire A muli 60 × 60 × 0.010 = 36W. Mu batire B muli 40 × 40 × 0.010 = 16W. Current ya A yaposa ya B ndi theka lokha, koma kutentha kwa mkati mwake kwaposa kuwirikiza kawiri. Akanagawana bwino, lililonse likanakhala ndi 25W.

Potchaja zimachitikanso chimodzimodzi. Njira yopepuka potuluka ndi yopepukanso polowa, choncho A amalandira current yambiri kuchokera ku sola. Tsiku lililonse A akugwira ntchito yolemetsa potuluka ndi polowa pomwe. Zili ngati ng'ombe ziwiri zokoka ngolo koma goli lamangidwa mopendekera mbali imodzi. Ngolo imayenda ndithu, ndipo wokwerapo saona vuto, koma ng'ombe imodzi ndi yomwe ikuvutika.

Bwanji vutoli limaonekera kwambiri pa lithium?

Mabatire a lead-acid nawo sagawana current mofanana akalumikizidwa mwa njira imeneyi. Kusiyana kwake kuli pa mmene batire limadzikonzera lokha.

Ganizirani zidebe ziwiri za madzi zolumikizidwa ndi paipi pansi, ndipo mpopi uli pafupi ndi chidebe chimodzi. Mukatsegula, chidebe chapafupi chimayamba kutsika msanga. Koma chikatsika, mphamvu yake yokankha madzi imachepa, ndiye chakutali chija chimayamba kupereka madzi ambiri. Kutalika kwa madzi m'chidebe kuli ngati voltage, kuchuluka kwa madzi kuli ngati magetsi osungidwa. Batire lomwe likugwira ntchito kwambiri limatsika voltage, ndipo kutsikako kumalipatsa mpata wopumako.

Batire la lead-acid lili ngati chidebe chowongoka. Likadzaza limakhala pa 12.7V, likafika theka limakhala pafupifupi 12.2V, ndipo limatsika pang'onopang'ono njira yonse. Batire la lithium la pa sola, lomwe nthawi zambiri ndi la mtundu wa lithium iron phosphate, wolembedwa LiFePO4 kapena LFP, lili ngati mtsuko: khosi lopapatiza, mimba yotakata, pansi popapatizanso. Mukamatunga madzi mu mtsuko wodzaza, pakhosi amatsika mwachangu. Akafika pamimba, mumatunga makapu ambirimbiri koma madzi amaoneka ngati sakusuntha. Kenako pafupi ndi pansi amangotsika kamodzin'kamodzi. LFP imatero. Kuchokera pa 90% kufika cha m'ma 30%, voltage ya batire la 12.8V imangotsika kuchoka pa 13.3V kufika cha pa 13.0V.

Tibwerere ku A ndi B. Kuti awiriwa ayambe kupereka 50A aliyense, voltage ya A iyenera kutsika kuposa ya B ndi 50 × 0.005 = 0.25V, kuti ilipire zomwe B akutaya m'mawaya ake. Pa LFP, kusiyana kwa 0.25V kukhoza kutanthauza kuti limodzi lili pafupi kudzaza pomwe linzake latsala ndi osakwana theka. Ndiye kudzikonza kuja kumabwera mochedwa. A amapitiriza kusenza katundu wolemera mpaka atafika pansi pa mtsuko. Apo voltage yake imagwa mwadzidzidzi, ndipo katundu pafupifupi yense amagwera B. Choncho mabatire onse awiri amavutika, kungoti mosinthana: A poyamba, B pomaliza.

Chinanso chodabwitsa n'chakuti mukazimitsa inveta pakati pa ntchito, current siileka kuyenda. B, yemwe watsala ndi magetsi ambiri, amayamba kutchaja A mpaka voltage yawo ifanane, ngati mmene madzi amayendera m'paipi ija mpopi utatsekedwa.

Mtundu wa LFP unatulukira ku University of Texas m'gulu la John Goodenough cha m'ma 1996, patapita zaka zochepa kuchokera pomwe kampani ya Sony inayamba kugulitsa mabatire a lithium-ion mu 1991. Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino analandira mphoto ya Nobel ya Chemistry mu 2019 chifukwa cha ntchito yawo pa mabatire a lithium-ion. Voltage yosasinthasintha ya LFP ndi ubwino waukulu, chifukwa zipangizo zimalandira mphamvu yokhazikika. Koma ubwino womwewo ndi umene umabisa kusiyana kwa mabatire pa parallel. Mita ikhoza kukuonetsani 13.2V pa onse awiri pomwe mkati mwawo muli nkhani zosiyana.

Si mawaya okha

Ngakhale mawaya atakhala abwinobwino, pali zinthu zina zitatu zomwe zimasokoneza kagawidwe ka current.

Choyamba ndi kutentha. Batire la lithium likafunda, ma ion amayenda mosavuta ndipo internal resistance imatsika. Resistance ikatsika, batirelo limatenga current yambiri, current yambiri imabweretsa kutentha kwina, ndipo zimangozungulira choncho. Batire lomwe laikidwa pafupi ndi inveta yotentha, kapena pomwe dzuwa la pawindo limawomba masana, limayamba kusenza zambiri kuposa linzake lomwe lili pamthunzi. Ndipo kutentha kumakalambitsa batire la lithium msanga.

Chachiwiri ndi ukalamba. Batire likamakalamba, internal resistance yake imakwera ndipo magetsi omwe lingasunge amachepa. Mukagula latsopano n'kulilumikiza ndi lomwe lagwira ntchito zaka zitatu kapena zinayi, latsopanolo ndi lomwe limasenza zambiri. Nthawi zina palibe kuchitira mwina chifukwa ndalama sizipezeka nthawi imodzi, koma wogula ayenera kudziwa kuti latsopanolo likugwirira ntchito awiri.

Chachitatu ndi kukula kwa mabatire, ndipo apa pali phunziro labwino. Tinene kuti mwalumikiza la 100Ah ndi la 200Ah, onse a mtundu umodzi, ndipo inveta ikukoka 90A. Kodi kugawana kwabwino ndi 45A aliyense? Ayi. Kwabwino ndi 30A ndi 60A, kuti onse athere limodzi patatha maola atatu ndi mphindi 20. Simungapatse mwana wa Sitandade 4 ndowa yofanana ndi ya mkulu wake n'kumati mwagawa mwachilungamo. Choncho cholinga si kufanana kwa manambala pa mita, koma kuti batire lililonse lisenze mogwirizana ndi kukula kwake.

Pomwe zimafika poopsa

Batire lililonse labwino la lithium lili ndi kabolodi ka zamagetsi mkati kotchedwa BMS, chidule cha battery management system. Ntchito yake ndi ya ulonda. Current ikapyola malire, voltage ikakwera kapena kutsika kwambiri, kapena kutentha kukanyanya, BMS imadula batire. Lead-acid ilibe mlonda wotere, imangofooka pang'onopang'ono. Lithium imazima kamodzi.

Tinene kuti BMS ya A ndi ya B iliyonse imalola 100A. Mwini wake akuwerengera kuti ali ndi 200A. Madzulo wina wayatsa ketulo, firiji nayo yalira, ndipo inveta yakoka 180A. Pa kagawidwe kathu ka zitatu ndi ziwiri, A akupereka 108A, B akupereka 72A. A wapyola malire, BMS yake yadula. Inveta ikufunabe 180A, ndipo yonseyo yagwera B yekha. BMS ya B nayo yadula. Nyumba yonse mdima, chonsecho mabatire onse ali ndi magetsi, ndipo 180A sinafike pa 200A yomwe inalembedwa pa pepala.

Choopsa chachiwiri chimachitika pa nthawi yolumikiza. Tinene kuti batire lina ladzaza, lili pa 13.6V, pomwe linzake latsala pang'ono kutha, lili pa 12.0V. Mukangogunditsa waya, kusiyana kwa 1.6V kukukankha current kudutsa mu resistance ya mabatire awiriwo, yomwe ndi 0.020 ohm yokha. I = V ÷ R, ndiye 1.6 ÷ 0.020 = 80A. Palibe babu layaka, palibe inveta yalumikizidwa, koma 80A ikuthamanga kuchoka mu batire lina kulowa mu linzake. N'chifukwa chake pamathetheka moto, ndipo waya wowonda akhoza kusungunuka.

Izi zikukhudzanso inu amene mumakonda kusula zinthu. Achinyamata ambiri amachotsa maselo ozungulira aja m'mabatire akale a laputopu n'kupanga pawabanki kapena tochi. Maselowa amatchedwa 18650 chifukwa ndi a 18 mm m'mimba mwake ndi 65 mm mulitali. Lodzaza limakhala pa 4.2V, lotha cha pa 3.0V. Mukalumikiza awiri otere mu parallel, ndipo lililonse lili ndi 0.05 ohm, current ndi 1.2 ÷ 0.1 = 12A. Selo lotere limayenera kutchajidwa ndi 1A kapena 2A. Mukulimwetsa mowirikiza kangapo zomwe lingathe kumeza. Komanso maselo a laputopu si a LFP, ndi a mitundu ina yomwe siichedwa kuyaka ikatenthedwa.

Choopsa chachitatu ndi selo lomwe lawonongeka mkati n'kupanga short. Pa parallel, anzake onse amaliona ngati waya wopanda resistance, ndipo amakhuthulira current yawo yonse mwa ilo. Selolo limatentha, kutenthako kumayambitsa kusintha kwa mankhwala komwe kumatulutsa kutentha kwina, mpaka moto. Asayansi amati thermal runaway. Opanga magalimoto a magetsi amaidziwa bwino nkhaniyi. Batire la 85 kWh la galimoto ya Tesla Model S linali ndi maselo a 18650 okwana 7,104, m'magulu a maselo 74 olumikizidwa mu parallel, ndipo magulu 96 oterowo anali mu series. Selo lililonse linalumikizidwa ndi kawaya kowonda komwe kamagwira ntchito ngati fyuzi: selo likapanga short, kawayako kamaduka n'kulipatula kwa anzake.

Nanga kulumikiza bwino n'kotani?

Chosangalatsa n'chakuti pa mabatire awiri, vuto la mawaya limatha popanda kugula chilichonse. Ingosunthani waya mmodzi. Positive ya inveta ikhale pa batire A, koma negative ya inveta ipite pa batire B. Tsatirani ulendo wa current ndi chala. Ya A ikutuluka pompo kupita ku inveta, koma pobwerera ikufikira pa B n'kudutsa mu waya wakuda kuti ifike kwawo. Ya B ikudutsa mu waya wofiira potuluka, koma pobwerera ikufikira pakhomo. Aliyense wadutsa mu waya mmodzi wolumikizira. Njira ya A ndi 0.010 + 0.0025 = 0.0125 ohm, ya B ndi chimodzimodzi. Zotsatira zake ndi 50A ndi 50A. Amisiri amati kulumikiza kwa diagonal, kutanthauza mopingasa.

Pa mabatire atatu kapena kuposerapo, njira yopingasayi imathandiza koma siimaliza vuto, chifukwa apakati amaperekabe zochepa kuposa akumapeto. Apo pamafunika busbar, chitsulo chophwatalala cha mkuwa chonenepa kwambiri moti resistance yake ndi yosaoneka. Pamakhala ziwiri, ya positive ndi ya negative. Batire lililonse limapita ku busbar ndi mawaya akeake, onse ofanana kutalika ndi kunenepa. Ngakhale batire lina lili pafupi, waya wake musamufupikitse. Zimaoneka ngati kuwononga waya, koma kutalika kofananako ndi komwe kukuteteza mabatire.

Zina zomwe mmisiri wabwino amachita ndi izi. Amasankha mabatire a mtundu umodzi, kukula kumodzi ndi msinkhu umodzi ngati n'kotheka, ndipo saphatikiza lithium ndi lead-acid. Asanalumikize, amatchaja lililonse palokha mpaka lidzaze, amalisiya lipume, kenako amayeza kuti aone ngati voltage ikufanana. Amadzazitsa dala chifukwa pakhosi pa mtsuko ndi pomwe mita imanena zoona. Amaika fyuzi pa positive ya batire lililonse, pafupi ndi batirelo. Amapukuta mitu ya mabatire ndi kumanga manati onse mofanana. Amaika mabatire onse pamalo amodzi opita mphepo. Amawerenganso kabuku ka opanga, chifukwa amalembamo chiwerengero cha mabatire omwe angalumikizidwe mu parallel. Pomaliza amayatsa zipangizo n'kuyeza current ya batire lililonse ndi clamp meter yoyeza DC, mita ija imangokumbatira waya osamudula. Kusiyana pang'ono kumakhalapo nthawi zonse. Koma akapeza 60 ndi 40, amadziwa kuti pali nati kapena waya wofunika kuonedwanso.

Ngati kwanu kapena kusukulu kwanu kuli mabatire otere, mukhoza kuona ndi maso okha mmene mawaya a inveta amangidwira: onse pa batire limodzi, kapena mopingasa? Mukaona cholakwika, uzani akuluakulu kuti aitane mmisiri. Musatenge sipanala nokha. 12V siingakugwireni ngati magetsi a pakhoma, koma sipanala ikagunda mitu iwiri nthawi imodzi, current ya ma amp mazanamazana imadutsamo, ndipo chitsulo chimafiira nthawi yomweyo.

Yesani nokha popanda ngozi

Pezani zigubu ziwiri zofanana ndi timapaipi tiwiri towonda, kamodzi kakafupi, kena kotalika kuwirikiza katatu. Boolani zigubuzo pansi, lowetsani timapaipi, ndipo mathero ake muwaike pa msinkhu umodzi. Dzazani madzi mofanana n'kutsegula nthawi imodzi. Chigubu cha kapaipi kakafupi chitsika msanga. Pitirizani kuyang'ana: chikatsika kwambiri, madzi ake ayamba kutuluka mofooka mpaka chinzake chichipose. Zomwe mwaonazo ndi nkhani ya A ndi B.

Kenako yesani mafunso awa musanaone mayankho.

1. Mabatire awiri odzaza mofanana ali mu parallel. Njira ya loyamba ili ndi 0.008 ohm, ya lachiwiri 0.012 ohm. Inveta ikukoka 50A. Lililonse likupereka zingati?

2. Batire la 13.3V lalumikizidwa ndi la 12.9V. Resistance yonse ya njirayo ndi 0.020 ohm. Ndi current yochuluka bwanji yomwe iyende pakati pawo pa nthawi yolumikiza?

3. Mu chitsanzo chathu cha A ndi B, ndi mphamvu yochuluka bwanji yomwe inkatayika ngati kutentha m'mawaya olumikizira B?

Mayankho: funso loyamba, 30A ndi 20A, chifukwa 30 × 0.008 ndi 20 × 0.012 zonse zikupereka 0.24V. Funso lachiwiri, 0.4 ÷ 0.020 = 20A. Funso lachitatu, 40 × 40 × 0.005 = 8W. Ngati mwapeza onse atatu, yesani kujambula mabatire atatu olumikizidwa mopingasa, muwerenge current yodutsa mu waya aliyense, ndipo mupeze nokha chifukwa chomwe lapakati limaperekera zochepa. Mukakakamira, pitani nacho chojambulacho kwa aphunzitsi anu a Physics.